Mlimi ndi Wogula Ng'ombe wa ku Midlands: Mau a Chikumbutso



Mbiri ya mpingo uno m'dziko la Zimbabwe imayambira pa maina odziwika. Palibe nthumwi imene sinamvepo za Mbusa T.C.B. Vlok, amene anachoka ku Nyasaland nadza ku Salisbury m'chaka cha 1912 kudzaweta Akhristu a m'migodi ndi m'mafamu, kapena za chaka cha 1965, pamene mipingo ya kuno, imene inali pansi pa Nkhoma, inakhala Sinodi payokha. M'mabuku muli maina a abusa, zaka zimene anadzozedwa ndi masiku amene matchalitchi anatsegulidwa. Koma pali munthu wina amene alembi anamlambalala, ngakhale kuti abusa omwewo anagona m'nyumba mwake ndi kudya nsima yake. Munthuyo ndiye mkulu wa mpingo uja amene anatuluka m'mgodi, nagwira khasu, nayamba kugula ndi kugulitsa ng'ombe. Ku Kwekwe analipo, ku Shurugwi analipo, ku Zvishavane ndi ku Gweru analiponso. M'mau awa atchulidwa ngati munthu mmodzi, pakuti njira ya moyo wao inali imodzi, ngakhale maina ndi midzi zinasiyana.

Anabadwira ku Dedza, kapena ku Ntcheu, ku Dowa kapena ku Lilongwe, m'midzi imene ana ake ankaphunzira m'masukulu a Mishoni. Chimene chinamchotsa kwao sichibisika: boma linafuna msonkho, ndipo ndalama ku Nyasaland zinali zosowa. Oyamba anayenda pansi masabata ambiri kudzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowa m'dziko lino cha ku Mutoko. Ena anagwa m'manja mwa olemba anthu a Rhodesia Native Labour Bureau, bungwe limene linayamba mu 1903, limene antchito analitcha chibalo. Apambuyo anakwera malole a ulere. Ku Midlands anapeza golide ku Globe and Phoenix ku Que Que, miyala ya chrome ku Selukwe, asibesitosi ku Shabani, kumene kukumba kunayamba mu 1916, ndi ng'anjo za chitsulo ku Redcliff kuyambira 1948. Ambiri a mainawa anasintha dziko litalandira ufulu mu 1980, koma okalamba sanaleke kutchula akalewo. Zaka zitapita osabwerera, kwao anamutcha mtchona, ndipo kuno eni dziko anamutcha Mubhurandaya, ndiye kuti munthu wa ku Blantyre, ngakhale iye ku Blantyre anali asanapondeko.

Ng'ombe anayamba kuziganizira akali m'komboni. M'zaka zoyamba za migodi anthu ambiri anadwala ndi kufa chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, kotero kuti boma linalamula kuti pa phoso la wantchito pazikhala nyama mlungu ndi mlungu. Tsono mgodi wa anthu zikwi unasanduka mimba yosakhuta, ndipo ng'ombe sizinaleke kulowa m'tauni. Malonda aakulu a nyama anali m'manja mwa Azungu. Ku Selukwe mmodzi wa eni butchala ndi eni ng'ombe anali Jock Smith, atate wake wa Ian Smith. Munthu wakuda anatsala ndi malonda a m'mphepete: mbuzi, nkhuku, ng'ombe imodzi kapena ziwiri zopita kwa mwini butchala wa ku lokeshoni, kapena kwa banja lofuna ndiwo za pamaliro.

Komabe chimene chinamphunzitsa mtengo weniweni wa ng'ombe si mgodi ai, koma ukwati. Mchewa kwao sankalowola. Mnyamata ankapita ku chikamwini, namanga nyumba kwa apongozi, nalima munda wa mkazi wake, ndipo ana anali a kuchikazi. Kuno, pakati pa Akaranga ndi Amandebele, mkazi sachoka pa khomo la atate wake popanda ng'ombe, ndipo Ashona ali nayo ng'ombe ina ya mai wa mtsikana, mombe yeumai, imene mkamwini wanzeru saizengereza. Angoni, amene anakulira pafupi ndi makola, anali ndi mwai pang'ono. Koma Mchewa amene kwao ankadziwa mbuzi ndi nkhumba zokha anayenera kuima pa khola la eni, chipewa chili m'manja, ndi kuphunzira kusiyanitsa ng'ombe yoyenera kupereka kwa apongozi ndi ng'ombe yomchititsa manyazi. Ambiri anagula ng'ombe yao yoyamba ndi ndalama zosunga zaka zingapo, anainyengedwa mtengo, ndipo sanaiwale phunzirolo.

Ukwati womwewo ndiwo unampatsa munda. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linagawa dziko pakati pa Azungu ndi eni dziko, ndipo munthu amene chitupa chake chinanena kuti ndi wa ku Nyasaland analibe pake m'magawo onse awiri. Mgodi ukamtaya chifukwa cha ukalamba kapena chifuwa cha fumbi, nyumba ya m'komboni inafunika mwini wina. Njira yotsala inali kupita kwao kwa mkazi, ku Zhombe, ku Silobela, ku Chiwundura, kwa Nhema kapena ku Mberengwa, ndi kukapempha sabhuku, ndiye nyakwawa ya kuno, kuti amloze polima. Kawirikawiri ng'ombe zake zinalembedwa pa kadi la dibi la apongozi kapena la mlamu wake, ndipo zina anaziikiza kwa anansi mwa mwambo umene Ashona autcha kuronzera, pamene woikizidwa alimira ng'ombe ndi kumwa mkaka wake, koma ana a ng'ombeyo ndi a mwini. Motero chikamwini chimene anachisiya ku Dedza anachipezanso ku Zhombe, koma kuno atalipira ng'ombe. Ena anatsata khamu la anthu amene boma linawasamutsa ku Rhodesdale kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, nakakhala ku Gokwe, kumene thonje linayamba kulimidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1960, ndipo kumene mlimi aliyense anafuna ng'ombe za pagoli.

Ntchito yogula ng'ombe ili ndi nzeru zake, ndipo nthumwi zachinyamata, zimene zinabadwira m'tauni, ziyenera kumva pang'ono za nzeruzo. Wogula analibe sikelo. Sikelo yake inali diso ndi dzanja. Ankaima patali kuyang'ana mayendedwe a ng'ombe, chifukwa yotsimphina siifika ku msika wa kutali. Kenaka ankayandikira, nagwira pa nthiti ndi pa tsinde la mchira kuti amve mafuta, nayang'ana m'makutu ndi kunsi kwa mchira kumene nkhupakupa zimabisala. Potsiriza ankaitsegula pakamwa. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo kumwamba, koma kunsi ili nao asanu ndi atatu, ndipo aubwana amaguluka awiriawiri: mano aakulu awiri anena kuti ili ndi zaka ngati ziwiri, onse akatha kusintha ndiye kuti yakhwima, ndipo akaperepeseka ndiye kuti mwini akugulitsa nkhalamba, angakhale alumbire kuti ndi ya dzana. Msika wake weniweni unali pa dibi. M'dzinja ng'ombe za m'dera lonse zinkasonkhana kumeneko mlungu uliwonse, m'chilimwe kamodzi pa masabata awiri, ndipo munthu wofika mamawa ankaona chuma cha mudzi uliwonse chikudutsa pamaso pake, namva amene ali ndi ngongole, amene akukwatitsa ndi amene ali ndi mlandu kwa mfumu. Mtengo sunkanenedwa pa dibi. Unkanenedwa madzulo pakhomo, atafunsana za matenda ndi za mvula, m'Chishona kapena m'Chindebele chimene mlendoyo anachiphunzira ndi khutu. Zikatheka, ng'ombe inafafanizidwa pa kadi la wogulitsa, kalata ya chilolezo inatengedwa kwa a zoweta, ndipo ulendo wa pansi unayambika, masiku awiri kapena atatu, kugona pa mitsinje, anyamata akusinthana kulonda.

Apa mpoyenera kunena zoona, pakuti chikumbutso chobisa chilema sichithandiza mpingo. Phindu la wogula ng'ombe limachokera kawirikawiri m'tsoka la mnzake. Munthu wa kumudzi sagulitsa ng'ombe chifukwa chokondwa. Agulitsa mu Januwale, pamene nkhokwe yapepuka ndipo ana afuna ndalama za sukulu. Agulitsa pa maliro, pa matenda, pa chilala. Ndipo panali zaka zina pamene anthu anagulitsa chifukwa boma linawakakamiza. Cold Storage Commission itakhazikitsidwa mu 1937, ng'ombe za anthu akuda zinayamba kugulidwa pa misika ya boma mwa kulemera ndi giredi, ndipo zambiri zinaikidwa m'magiredi apansi a mtengo wochepa. Kuyambira mu 1945 boma linayamba kuchepetsa ziweto m'midzi mokakamiza, ponena kuti zachulukira msipu, ndipo lamulo la Native Land Husbandry Act la 1951 linaika malire a ng'ombe zimene banja lingasunge. Msipu unachepa chifukwa dziko lalikulu linali m'mipanda ya mafamu, koma ng'ombe zimene zinadulidwa michira ndi kutumizidwa kokaphedwa zinali za anthu a m'midzi. Chakukhosi chimene chinabadwa pamenepo ndi chimodzi cha zimene zinakuza zipani za ufulu m'midzi. M'nyengo yotere wogula wa ndalama m'thumba anatha kulemera msanga, ndipo ena analemeradi, pakati pao ndi a mpingo omwe.

Mneneri Amosi anadzudzula amalonda a miyeso yonyenga, ndipo alaliki sanasowe pogwira pamene wogula ng'ombe anakhala pa mpando wa akulu. Funso lake nlovuta ndithu. Kodi Mkhristu angagule kwa mkazi wamasiye pa mtengo wa Januwale, podziwa kuti pofika Juni ng'ombe yomweyo idzakhala yonenepa ndi ya mtengo woposa? Akakana kugula, mwana sapita ku sukulu. Akagula pa mtengo wa Juni, malonda ake atha, ndipo chaka chamawa sipadzakhala wogula. Yankho losavuta palibe, ndipo mpingo sunayenere kuyembekeza kuti wamalonda asiye phindu. Chimene unayenera kufuna, ndi chimene amuna okumbukidwa bwino anachita, nchakuti mtengo unenedwe poyera, mkazi wa wogulitsa ndi ana ake aakulu ali pomwepo, ndalama ziwerengedwe zonse pamaso pa mboni, ndipo wogulitsa auzidwe ngati pali msika wina pafupi umene ungampatse zoposa. Wogula amene ankadikira kuti mwini ng'ombe aledzere, kapena amene ankanong'oneza mwamuna kuseri mkazi osadziwa, anadziwikanso, ndipo dzina lake silinamveke bwino ngakhale atapereka thumba la simenti ku tchalitchi.

Kuona mtima kumeneku kunali ndi chifukwa chinanso, chimene mwini dziko sakanachimva msanga. Mlendo analibe mbumba yomuikira kumbuyo. Mwana wa m'mudzi akagula ng'ombe yakuba mosadziwa, abale ake ankamperekeza ku bwalo. Mtchona akagwa m'mlandu womwewo, ankataya ng'ombe, munda ndi malo, ndipo ankatha kukwezedwa galimoto ya kumalire. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Iye anaudziwa mwambiwo m'thupi mwake. Nchifukwa chake ankasunga kapepala kalikonse, ndipo ankakana ng'ombe yobwera usiku ngakhale mtengo wake ukhale wokoma chotani. Pamene lamulo la kuba ziweto linakhwimitsidwa mu 2004, kuti wopezeka wolakwa pa ng'ombe azikhala m'ndende zaka zosachepera 9, ana amene anatengera ntchito ya atate ao anaona phindu la chizolowezicho.

Tsono mpingo unapindulanji ndi munthu ameneyu? Mpingo wa pa mgodi umakula ndi kufota pamodzi ndi mgodiwo. Mtengo wa miyala ukakwera, tchalitchi lidzaza. Mgodi ukatsekedwa, komboni ikhala bwinja, ndipo buku la maina litsala ndi anthu amene palibe adziwa kumene anapita. Mlimi ndiye sanasunthe. Pakhomo pake ndipo panayambira mapemphero a pansi pa mtengo, m'madera amene kunalibe Mchewa wina koma iye ndi anzake atatu kapena anai. Mlaliki woyendera, atatsika sitima kapena basi, ankadziwa kumene akagone. Pa nyengo ya Mgonero, Akhristu a m'migodi ing'onoing'ono atasonkhana, mbuzi inachokera kwa iye. Pa masika, matumba a chimanga ndi mtedza anachokera kwa iye. Ngolo yake inatuta mchenga ndi njerwa. Koposa zonsezi, anali kothawira kwa anzake a m'mgodi amene anakalamba opanda mkazi, opanda munda, ndi opanda ndalama za ulendo wa kwao. Nkhalamba zotere zinatsirizira moyo pakhomo pake zikuweta mbuzi, ndipo iye ndiye anapempha manda kwa sabhuku, nalemba kalata ya maliro ku mudzi umene mwina unaiwala kale dzina la womwalirayo.

M'nyumba mwakenso ndimo munayambira nkhani imene misonkhano yakhala ikukambirana zaka zambiri, ya chilankhulo cha mapemphero. Mkazi wake anali Mkaranga kapena Mndebele, ana ake anayamwa chilankhulo cha mai ao, ndipo Chichewa anachimva Lamulungu lokha. Iye anaona msanga, abusa ena asanaone, kuti mpingo wolalikira m'Chichewa chokha udzaikidwa m'manda pamodzi ndi matchona.

Nkhondo ya ufulu inamgwera molemera. Popeza dibi linali chizindikiro cha ulamuliro wa boma, madibi ambiri anaphwanyidwa kapena kusiyidwa m'zaka za kumapeto kwa 1970, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinafa ndi matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa. Katemera atalekeka, kunabuka matenda a anthrax, amene anayambira cha ku Nkayi mu 1978 nafalikira m'midzi ya boma la Que Que ndi kwina. Pofika 1980 anthu oposa 10,000 anali atadwala, ndipo 182 analembedwa kuti anamwalira, ambiri chifukwa chosenda kapena kudya ng'ombe zofa zokha. Munthu woyenda m'midzi ndi ndalama, wolowa ndi kutuluka m'tauni, ndiponso wa mtundu wina, ankakayikiridwa ndi mbali zonse ziwiri. M'Chishona liu lakuti mutengesi litanthauza wogulitsa malonda, ndiponso wopereka anzake kwa adani, ndipo m'masiku amenewo kusiyana kwa matanthauzo awiriwa kunali moyo kapena imfa. Ambiri anaimika malonda, nabwerera ku lokeshoni kwa ana ao mpaka nkhondo itatha.

Ufulu utabwera anayambanso, koma zaka sizinamleke apume. Chilala cha 1982 mpaka 1984 chinachepetsa makola, ndipo cha 1992 chinapha ng'ombe zoposa miliyoni imodzi m'dziko lonse. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda anatseketsa msika wa nyama wa ku Ulaya. M'chaka chomwecho lamulo la unzika linasinthidwa, kotero kuti ana ndi adzukulu ake, obadwira kuno, amene Malawi sanamuonepo, ambiri anapezeka olembedwa ngati alendo ndi kutaya ufulu wosankha atsogoleri, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linachokera ku maiko a SADC. Migodi imene inamuitana inagwa iye akuona: Shabanie inalowa m'manja mwa woyang'anira wa boma mu 2004 ndipo patapita zaka zochepa inaima, ndipo ng'anjo za ZISCO ku Redcliff zinazima mu 2008. M'chaka chimenecho ndalama ya dziko inasanduka mapepala chabe, ndipo penshoni ya munthu amene anagwira ntchito zaka 30 sinakwanire kugula buledi. Ng'ombe inakhalabe ng'ombe. Anthu amene kale ankaseka mnzao kuti wasiya nyumba ya magetsi kukanunkha ndowe anatumiza ana ao kwa iye kukapempha ufa.

Ambiri a mbadwo umenewo anagona. Amene anatsala anaonanso makola akutha ndi nthenda ya nkhupakupa imene kuno aitcha January disease, imene inakula kuyambira cha m'ma 2017. Koma imfa yao inasiya nkhani imene ikhudza bwalo la akulu la mpingo uliwonse wa ku Midlands, ndiyo ya chuma chamasiye. Mwa mwambo wa Achewa wolowa chuma ndi mwana wa mlongo wake wa womwalirayo. Mwa mwambo wa kuno ndi mwana wake wamwamuna woyamba. Alamu nao aloza kadi la dibi, nanena kuti ng'ombe zinalembedwa m'dzina lao kuyambira kale, ndipo oikizidwa ena aiwala kuti anaikizidwa. Pakati pa onsewa paima mkazi wamasiye, amene anadula udzu, natunga madzi a ng'ombezo pa chilala. Lamulo la chuma chamasiye linakonzedwa mu 1997 kuti liteteze mkazi ndi ana, koma lamulo losadziwika kumudzi silipulumutsa munthu. Abusa ndi akulu, amene amaitanidwa pa maliro onse, ali ndi mpata wolangiza amuna akali moyo kuti alembetse ng'ombe m'maina ao, atchule pamaso pa mboni zimene anaikiza ndi kumene anaikiza, ndi kulemba mau a chuma chao. Zimenezi si za kunja kwa ubusa ai, pakuti milandu yotere yachotsa kale mabanja athunthu mu mpingo.

Chotsala ndi maina. M'mabuku a misonkhano ya akulu amuna amenewa aonekera apa ndi apo, pa mndandanda wa opezekapo kapena pa chopereka cha masika, popanda liu lonena kuti anali yani. Manda ao ali m'minda ya apongozi ndi kuseri kwa makomboni amene anagumuka, ndipo zikwangwani zachitsulo zinadyedwa ndi dzimbiri. Mlembi wa mpingo uliwonse wa m'chigawo chino angathe kutsegula tsamba m'buku lake ndi kulemba za yense wa iwo: dzina ndi mfunda, mudzi ndi mfumu ya ku Malawi, mgodi umene anagwirako ntchito, chaka chimene anatuluka, dibi limene ankasambitsako ng'ombe, ndi kumene anaikidwa. Oyenera kuyamba kufunsidwa ndi amai amasiye amene akali moyo ku Zhombe, ku Silobela ndi ku Mberengwa, pakuti ndiwo anasunga zitupa, makadi ndi makalata a chilolezo m'masutikesi a pansi pa bedi.